Thovu Likakana Kutuluka, Kapena Likatuluka Posayenera: Kuthetsa Mavuto Poyeza Catalase ndi Ma Enzyme Ena a Ayironi

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'malabotale a m'masekondale ndi a m'zipatala zing'onozing'ono kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, nkhani ikakhala ya ma enzyme (mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo), ndi lakuti catalase, enzyme imene imaphwanya hydrogen peroxide n'kutulutsa thovu, siipereka yankho limodzi. Lero mbatatesi imene mwadula ikutulutsa thovu lodzaza chubu, mawa mbatatesi ya m'thumba lomwelo ikungotulutsa timathovu towerengeka. Kuchipatala nako, mabakiteriya amene sayenera kutulutsa mpweya ngakhale pang'ono amapezeka akubwadamuka pagalasi. Zikatere ambiri amathamangira kukayikira mbatatesi, chiwindi kapena bakiteriyayo, koma m'kuona kwanga enzyme ndi imene iyenera kukayikiridwa pomalizira penipeni, mutafufuza kaye peroxide, madzi, zipangizo ndi nthawi imene munawerengera.

Catalase ndi puloteni ya zigawo 4, ndipo chigawo chilichonse chimafungatira heme, kachinthu komwe kaja kamene kamafiiritsa magazi, kokhala ndi ayironi pakati pake. Ayironiyo amalandira molecule imodzi ya hydrogen peroxide n'kusintha, kenako molecule yachiwiri imamubwezera mmene analili, ndipo zotsala zake ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni umene timauona ngati thovu. Ntchito imeneyi imabwerezeka kokwana mamiliyoni pa sekondi imodzi. Oscar Loew ndiye anaitcha catalase mu 1900, ndipo James Sumner ndi Alexander Dounce anaipatula yoyera kuchokera m'chiwindi cha ng'ombe mu 1937. Gwero la mavuto ambiri lili apa: ayironi amene sali m'kati mwa enzyme nayenso amatha kuphwanya peroxide, ngakhale kuti amachita mochedwa, monga anasonyezera Henry Fenton mu 1894 pa ntchito yake ya ayironi ndi peroxide. Thovu la m'chubu silikuuzani ngati lachokera kwa ayironi wa m'enzyme kapena kwa dzimbiri la pampeni. Amene ayenera kusiyanitsa ziwirizi ndinu.

Yambani ndi botolo la peroxide

Hydrogen peroxide imadziphwanya yokha tsiku ndi tsiku, ndipo kuwala, kutentha, fumbi ndi zitsulo zimafulumizitsa kuwonongekako. Chovuta n'chakuti yatsopano ndi yotha mphamvu zimaoneka chimodzimodzi, zonse ngati madzi, choncho botolo limene lakhala pawindo chiyambire teremu yatha likhoza kukhala lodzaza koma lopanda ntchito. Tsiku lolembedwa pachikutiro limanena za botolo losatsegula ndi losungidwa bwino basi.

Pali njira yodziwira mphamvu yake popanda makina. Peroxide ya 3 peresenti, imene m'masitolo a mankhwala imalembedwanso kuti 10 volume, ili ndi pafupifupi 0.88 mol pa lita imodzi, ndipo dzina lakuti 10 volume likutanthauza kuti mililita imodzi ikaphwanyidwa yonse imatulutsa okosijeni wokwana pafupifupi mamililita 10. Ya 6 peresenti ndi 20 volume. Ikani mililita imodzi m'kabotolo kotsekeka bwino, lumikizani kapaipi kopita mu silinda yoyezera yodzaza madzi imene mwaivundikira chadodolido m'beseni, kenako gwetseranimo chiwindi chosinja chokwanira kapena yisiti yosungunula, mugwedeze mpaka thovu litasiyiratu. Pa boma la Dedza, pamene ndi pokwera pafupifupi mamita 1,600, muyembekezere mamililita 12 kapena 13 osati 10, chifukwa mpweya umatambasuka kumalo okwera. Mukapeza 6 kapena 7, peroxide yanu yatsala ndi theka la mphamvu, ndipo zonse zimene mwayeza nayo sabata imeneyo n'zosayerekezeka ndi za mwezi watha. Kuyesaku sikutenga mphindi 10, ndipo ndimalimbikitsa kuti kuzichitika tsiku lililonse lotsogolera phunziro la m'labotale, makamaka pokonzekera mayeso a MSCE pamene ana ambiri adzadalira botolo limodzi.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Ikhale m'botolo lofiirira kapena losalowa kuwala, pamalo ozizira, ndipo pogwira ntchito muzithira pang'ono m'kabotolo kena. Yotsala m'kabotolomo isabwererenso m'botolo lalikulu. Musaviike kamtengo, dropa yogwiritsa kale ntchito kapena waya m'botolo lalikulu, pakuti kachidutswa ka mbatatesi kosaoneka n'komwe kamatha kuliwononga lonse m'masiku ochepa. Amene ali ndi ya 30 peresenti azisungunula yokwanira tsiku limenelo lokha, atavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, chifukwa imawotcha khungu n'kulisiya loyera.

Palinso kulakwitsa kwa mbali ina, kumene kumachitika munthu akaona thovu lachepa n'kuganiza zowonjezera mphamvu. Peroxide yamphamvu kwambiri imawononga catalase yomweyo imene mukuiyeza. Chizindikiro chake ndi thovu lotuluka mwaukali kwa masekondi ochepa kenako n'kuima, pamene peroxide ikadalimo yambiri, ndipo mukhoza kutsimikiza pogwetseramo enzyme yatsopano, thovu limayambiranso. Pofuna kuyeza liwiro ndi mbatatesi, 1 peresenti kapena kucheperapo imakwanira.

Ayironi wobwera ndi madzi, mpeni ndi dothi

Madzi a mijigo ina amasiya dzimbiri lofiirira pansi pa ndowa akagonera, ndipo amenewo ali ndi ayironi wosungunuka wokwanira kusokoneza ntchito imeneyi. Madzi a mvula otungidwa pamalata akale ochita dzimbiri, amene ena amawayesa abwino makina otcheza madzi akaima chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ali ndi vuto lomwelo. Mpeni kapena lezala la dzimbiri limasiya tizidutswa pa mbatatesi, ndipo dothi lofiira limene limabwera ndi kachewere kuchokera ku Bembeke kapena ku Tsangano lili ndi ayironi komanso tizilombo tam'nthaka timene tili ndi catalase yawoyawo. Tsukani mbatatesiyo, isendeni, ndipo muidule ndi mpeni wosachita dzimbiri.

Komabe ukhondo wokha si umboni. Umboni umachokera m'machubu awiri oyerekezera amene sayenera kusowa pa kuyeza kulikonse. Choyamba chikhale ndi peroxide ndi buffer zokha, popanda enzyme; buffer ndi madzi a mankhwala amene amasunga pH, muyezo wa asidi, kuti isasinthe. Chikatulutsa mpweya, ndiye kuti vuto lili m'madzi, mu buffer kapena m'chubu momwemo. Chachiwiri chikhale ndi peroxide ndi madzi a mbatatesi kapena a chiwindi amene mwawawiritsa n'kuwaziziritsa, mlingo wofanana ndi wa osawiritsa. Moto umapha puloteni koma suchotsa ayironi, kotero mpweya wotuluka m'chubu chimenechi ndi ntchito ya ayironi wakunja kwa enzyme, ndipo muyenera kuuchotsera pa chiwerengero chanu. Chiwindi chowiritsa chimatha kutulutsabe timathovu pang'onopang'ono chifukwa heme yake ikadalimo, ndipo zimenezo si zodabwitsa. Koma chowiritsacho chikafika gawo limodzi mwa magawo 10 a chosawiritsa, ine ndimaona kuti n'kwabwino kuima n'kufufuza kusiyana n'kungochotsera.

Pa kuwiritsa pomwepa pali chinthu chimene mabuku olembedwa kumayiko a m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu satchula. Ku Dedza madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chidutswa chachikulu cha chiwindi chimene mwachiviika mphindi 2 chimapsa kunja kokha, ndipo mukachidula pakati pake pamakhala podakali pofiira, catalase ili yamoyo. Wiritsani madzi osefa kale m'chubu chopyapyala kwa mphindi 10 zathunthu, osati chidutswa. Peroxidase, enzyme ina ya heme yopezeka m'kabichi, m'mpiru ndi m'masamba ambiri, ndi yolimba pamoto kuposa catalase, ndipo ikatenthedwa mosakwanira imatha kubwereranso pang'ono ikazizira. N'chifukwa chake okonza ndiwo zoumitsa amaigwiritsa ntchito poona ngati masamba afutsidwa mokwanira: amathira guaiacol, mankhwala amene peroxidase imawafiiritsa, ndi peroxide pa masambawo, ndipo akafiirira ndiye kuti nthawi ya pamoto inachepa. Aliyense wofuna kuyesa mfutso mwa njira imeneyi kuno kumapiri awonjezereko nthawi pa imene yalembedwa m'buku, n'kutsimikiza ndi guaiacol.

Zotsukira nazo zimabweretsa zawo. Mankhwala a klorini amene timaviikamo magalasi ndi machubu kuchipatala amatulutsa okosijeni nthawi yomweyo akakumana ndi peroxide, popanda enzyme iliyonse, choncho galasi losatsukuluza bwino limapereka thovu labodza looneka ngati lenileni. Sopo wotsalira satulutsa mpweya, koma amakhalitsa thovu, ndipo ngati mukuyeza kutalika kwa thovu ndi rula, chubu cha sopo chidzaoneka champhamvu kuposa zinzake. Kumbali ina kuli sodium azide, imene imaikidwa m'mankhwala ena a m'labotale kuti asavunde. Iyo imakakamira pa ayironi wa heme n'kuimitsa catalase ndi peroxidase, kotero buffer yobwereka m'bokosi la mayeso ena ikhoza kupha ntchito yanu yonse mwakachetechete. Werengani chikutiro musanabwereke.

Ena amafunsa ngati EDTA, mankhwala amene amagwira zitsulo zosungunuka m'madzi, ingathandize kumanga ayironi wosochera. Catalase siivulala ndi EDTA pang'ono, chifukwa ayironi wake ndi wotsekeredwa mu heme, koma ayironi womangidwa ndi EDTA amathabe kugwirana ndi peroxide, choncho imeneyi si njira yodalirika. Madzi abwino ndi magalasi otsukuluzidwa ndi asidi wosungunula kenako madzi otcheza ndi zimene zimathetsa vutoli.

Pa tebulo la mabakiteriya kuchipatala

Kuno funso silikhala la kuchuluka koma la inde kapena ayi, ndipo yankho lake limatsogolera ku dzina la kachilombo ndi mankhwala a wodwala. Staphylococcus ali ndi catalase, Streptococcus alibe. Cholakwika chofala kwambiri chimachokera ku blood agar, mbale ya chakudya chokhala ndi magazi chomeretserapo mabakiteriya: maselo ofiira a magazi ali ndi catalase yambiri, choncho mukakanda agar potola bakiteriya, Streptococcus adzaoneka ngati Staphylococcus. Tolani pamwamba penipeni pa colony (kamulu ka mabakiteriya omera pa mbale) popanda kukhudza agar, ndipo zikakayikitsa bzalaninso pa nutrient agar kapena pa mbale ina yopanda magazi, muyeze mawa lake. Tsiku limodzi lochedwa n'lopepuka poyerekeza ndi dzina lolakwika pa pepala la wodwala.

Chotolera chikhale kamtengo koyera, kandodo ka galasi kapena ka pulasitiki. Waya wa nichrome, umene ambiri tili nawo, uli m'gulu la zitsulo zimene zimatha kupereka thovu labodza, makamaka ukakalamba n'kuda ndi moto. Pakani bakiteriya pagalasi louma, dontheziranipo peroxide ya 3 peresenti, ndipo yang'anani pomwepo. Yankho lenileni la inde limaoneka nthawi yomweyo, timathovu tambiri tikuthamangira m'mphepete mwa dontholo. Timathovu tiwiri kapena titatu totuluka patapita masekondi 20 kapena 30 si yankho la inde, ndipo Enterococcus nthawi zina amachita zotere. Colony ikhale ya maola 18 mpaka 24, chifukwa yokalamba imataya enzyme n'kupereka ayi wabodza. Ndipo popeza thovu likamaphulika limamwaza tizilombo mumpweya, ikani galasilo m'mbale ya Petri n'kuvundikira mukangodontheza.

Mmawa uliwonse, musanayeze za odwala, yesani peroxide ndi Staphylococcus aureus wodziwika ndi Streptococcus pyogenes wodziwika; mitundu ya ATCC 25923 ndi ATCC 19615 ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zimenezi. Woyamba akapanda kubwadamuka, tayani peroxide. Wachiwiri akabwadamuka, yang'anani galasi, chotolera ndi agar.

Mayeso a oxidase ali ndi msampha wofanana, chifukwa nawonso amayeza enzyme ya heme, cytochrome c oxidase. Mankhwala ake, amene Kovács anawafotokoza mu 1956, amasanduka a mtundu wa papo pasanathe masekondi 10 ngati enzyme ilipo, koma waya wa nichrome umawasinthanso mtundu, ndipo akakhalitsa pa mpweya amada okha. Amene anagwira ntchito nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023 akukumbukira kuti Vibrio cholerae ali ndi oxidase, koma ukamutola mwachindunji pa TCBS, mbale yomeretserapo Vibrio, yankho silidalirika, chifukwa asidi wochokera ku shuga wa m'mbalemo amasokoneza mayesowo. Ayenera kubzalidwa kaye pa mbale yopanda shuga.

Kuzizira ndi kukwera kwa malo

Boma limodzi lomweli la Dedza lili ndi Bembeke, kumene m'mawa wa mu Juni ndi Julayi zala zimauma, ndi Mtakataka kapena Golomoti kumunsi kwa phiri, kumene mu Okutobala m'chipinda simukhalika. Catalase yokha sisintha kwambiri liwiro ndi kutentha poyerekeza ndi ma enzyme ena ambiri, koma kuzizira kumasokoneza mwa njira ina: okosijeni amasungunuka kwambiri m'madzi ozizira, kotero mpweya woyamba umatsalira m'madzi m'malo mokwera mu silinda, ndipo zimaoneka ngati enzyme yachedwa kuyamba. Peroxidase ndi ma enzyme ena amamva kuzizira mwachindunji. Njira yothetsera vutoli ndi beseni la madzi ofunda ndi thermometer. Sankhani madigiri 25, amene ndi muyezo wodziwika wa catalase, ikani machubu a peroxide ndi buffer m'besenimo kwa mphindi 10 musanasakanize, ndipo muziwonjezera madzi otentha pang'onopang'ono kuti asatsike. Peroxide yochokera mufiriji isathiridwe m'chubu isanafunde.

Kukwera kwa malo kumakhudza aliyense woyeza mpweya. Pa boma la Dedza mphamvu ya mpweya wa mlengalenga ili pafupifupi 84 kPa, pamene kufupi ndi nyanja ya Malawi ili pafupifupi 95 kPa. Okosijeni wofanana ndendende adzatenga malo ochuluka ndi magawo oposa 10 pa 100 alionse kumtunda kusiyana ndi ku Mtakataka. Aphunzitsi awiri a sukulu za m'malo awiriwa akayerekeza mamililita awo n'kupeza kusiyana kotere, palibe amene walakwitsa. Pofuna kuyerekeza, sandutsani mamililita akhale ma mole pogwiritsa ntchito kutentha ndi mphamvu ya mpweya ya pamalopo, ndipo mukumbukire kuchotsera nthunzi ya madzi, imene pa madigiri 20 ili pafupifupi 2.3 kPa.

Nthawi yowerengera ndi njira yoyezera

Chimene chimayezedwa ndi liwiro, ndipo liwiro la catalase limayamba kutsika kungoyambira sekondi yoyamba, chifukwa peroxide ikuchepa ndipo enzyme ikuwonongeka. Kuwerenga mpweya wonse patatha mphindi 10 kuli ngati kuyang'ana madzi a mu ndowa mvula itakata n'kufuna kudziwa ngati inagwa yamkuntho kapena yamvumbi: chubu cha enzyme yambiri ndi cha enzyme yochepa zonse zidzakhala zitafika pamodzimodzi. Werengani masekondi 10 kapena 15 alionse m'mphindi yoyamba, jambulani mzere, ndipo tengani kutsetsereka kwa chigawo choyambirira chimene chili chowongoka. Ngati chowongokacho sichikuoneka chifukwa zonse zatha m'kuphethira kwa diso, sungunulani enzyme. Chiwindi chimafuna kusungunulidwa kwambiri kuposa mbatatesi.

Kuti mudziwe ngati njira yanu ikuyezadi enzyme, wirikizani kawiri mlingo wa enzyme, zina zonse zikhale chimodzimodzi. Liwiro liyenera kuwirikiza kawiri. Likapanda kutero, ndiye kuti pali china chimene chikutchinga, kaya peroxide yachepa, kapaipi kakudontha, kapena mukuwerenga mochedwa.

Pa njira yotolera mpweya, kudontha ndiye mdani wamkulu. Viikani zolumikiza zonse m'madzi n'kufinya pang'ono, muone ngati pakutuluka mpweya. Mpweya wambiri umathawanso pakati pa kuthira peroxide ndi kutseka chivundikiro, choncho ndi bwino kutseka kaye n'kulowetsa peroxide ndi sirinji, kenako n'kuchotsera mpweya umene wakankhidwa ndi madzi olowawo. Njira ya timapepala tosefera tozungulira, timene timaviikidwa m'madzi a mbatatesi n'kumizidwa mu peroxide kuti tiwerengedwe nthawi yoyandamira, ndi yotsika mtengo ndipo ana amaikonda, koma imafuna kuti timapepala tidulidwe ndi chibowolero chimodzi, tiviikidwe nthawi yofanana, tikhudzitsidwe papepala louma kamodzi, ndipo kuya kwa peroxide kukhale kofanana. Kapepala kakamamatira m'mbali mwa chubu, chiwerengero chimenecho chitayidwe. Peroxide isinthidwe pakangodutsa timapepala tingapo.

Kumene kuli burette, chubu choyezera chodontheza madzi pang'onopang'ono, potassium permanganate imapereka zotsatira zabwino kuposa thovu. Imitsani enzyme pa nthawi yoikika pothira sulphuric acid wosungunula, kenako dontheziranimo permanganate mpaka mtundu wa pinki wotuwa utakhazikika kwa masekondi 30. Ma mole 2 a permanganate amadya ma mole 5 a peroxide. Musagwiritse ntchito hydrochloric acid, chifukwa permanganate imagwiranso ndi chloride n'kukweza chiwerengero. Madzi a mbatatesi nawonso amadya permanganate paokha, choncho chubu choyambira chikonzedwe pothira asidi enzyme isanalowe, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndiko peroxide imene yaphwanyidwa. Permanganate yokhalitsa imasiya zofiirira pansi pa botolo ndipo mphamvu yake imatsika, iyesedwenso ndi oxalate.

Njira yotchuka m'mabuku ndi ya spectrophotometer, makina oyeza kuwala kumene madzi akumwa, pa kuwala kwa 240 nm, imene Beers ndi Sizer anaifotokoza mu 1952 ndipo Aebi anaikonzanso mu 1984. Peroxide ikhale pafupifupi 10 mM mu phosphate buffer ya 50 mM pa pH 7.0, kutanthauza kusungunula ya 3 peresenti pafupifupi ka 90, ndipo pa cuvette (kachubu kolowa m'makinawo) ya sentimita imodzi makina ayenera kuonetsa pafupifupi 0.44 enzyme isanalowe, potengera 43.6, chiwerengero chosonyeza mmene peroxide imamwera kuwala kumeneku, chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri. Unit imodzi ndi enzyme imene imaphwanya micromole imodzi ya peroxide pa mphindi imodzi, pa pH 7.0 ndi madigiri 25. Zimene zimalepheretsa njirayi n'zodziwika. Cuvette ya galasi wamba kapena ya pulasitiki wamba simalola kuwala kwa 240 nm kudutsa, imafunika ya quartz. Makina akamaonetsa chiwerengero chachikulu chosasuntha, yang'anani cuvette kaye. Nyale ya deuterium imafuna kufunda musanayambe, ndipo magetsi akazima n'kubwerera muyenera kuidikiranso. Chiwerengero chikamadumphadumpha, tulutsani cuvette muyang'ane pa kuwala, mudzapeza timathovu tamamatira pa khoma lodutsa kuwala, umboni wakuti enzyme kapena peroxide yachuluka. Madzi a mbatatesi osasefedwa bwino amakhala ndi sitalichi imene imadikha pang'onopang'ono, ndipo kudikhako kumatsitsa chiwerengero ngati kuti peroxide ikutha.

Malabotale ambiri a m'maboma ali ndi colorimeter yokha, yopanda kuwala kwa UV. Kwa iwo njira ya Góth ya mu 1991 ndi yoyenera: ammonium molybdate imaimitsa enzyme n'kupanga mtundu wachikasu ndi peroxide yotsala, umene umawerengedwa pa 405 nm. Palinso njira ya Sinha ya mu 1972 ya dichromate ndi acetic acid, koma dichromate ndi poizoni woyambitsa khansa ndipo imafuna kutenthetsa, kotero sindiilimbikitsa m'sukulu.

Mbatatesi ndi chiwindi zokhazo

Tsopano ndi pamene tingakayikire chinthu choyezedwacho. Thumba logulidwa pa Lizulu limatha kukhala ndi mitundu iwiri kapena itatu ya kachewere, ina yokumbidwa dzana, ina yokhalitsa imene yayamba kuphuka, ndipo enzyme siikhala yofanana m'zonsezi. Tizidutswa todulidwa ndi maso timasiyana kukula, pamene peroxide imangofika pa maselo a pamwamba odulidwawo. Njira yabwino ndi kusinja magalamu odziwika mu buffer yozizira ya mlingo wodziwika, kusefa pa nsalu yoyera, kuika pa madzi oundana, ndi kugawira gulu lonse madzi omwewo tsiku lomwelo. Zotsatira zilembedwe pa galamu imodzi ya mbatatesi, kapena pa miligalamu imodzi ya puloteni ngati muli ndi mankhwala a biuret. Madzi apampopi sangalowe m'malo mwa buffer, chifukwa catalase imafooka pH ikatsika kwambiri.

Madzi a mbatatesi akayamba kuda, musatenge kudako ngati chizindikiro cha catalase. Imeneyo ndi polyphenol oxidase, enzyme ya kopa osati ya ayironi, ngakhale kuti kuda kwambiri kumasonyeza kuti madziwo akhalitsa ndipo ndi bwino kusinja ena.

Pamene ayironi sali mu heme

Amene akuchita kafukufuku wopitirira apa adzakumana ndi ma enzyme amene ayironi wawo sanatsekeredwe mu heme, ndipo malamulo ena amatembenuka. Lipoxygenase ya mu soya, imene imabweretsa kafungo kaja ka ufa wa soya wosakazinga bwino, imayezedwa ndi linoleic acid pa 234 nm, ndipo mtundu wake waukulu umagwira bwino pa pH 9 mu borate buffer. Kawirikawiri mzere wake umayamba mogona kenako n'kukwera, chifukwa ayironi wake ayenera kusinthidwa kaye kuchoka pa mtundu wa ayironi wotchedwa Fe2+ kupita pa wotchedwa Fe3+ ndi zotuluka zoyamba za ntchito yomweyo. Pamenepa liwiro loyenera kutenga ndi la chigawo chowongoka chimene chimabwera kugonako kukatha, mosiyana ndi catalase. Linoleic acid yokhalitsa pa mpweya imayamba ndi chiwerengero chokwera kale pa 234 nm, ndipo yotereyo isinthidwe.

Aconitase ili ndi kagulu ka ayironi 4 ndi sulphur 4, ndipo okosijeni kapena peroxide pang'ono chabe zimagwetsa ayironi mmodzi, enzyme n'kuima. Ikapezeka yofooka, sikuti nthawi zonse inali yochepa m'thupi la chomera kapena la nyama; mwina yawonongeka posinja. Gawani madziwo pawiri, gawo limodzi muliyeze momwemo, linalo muliike kaye ndi Fe2+ ndi dithiothreitol kapena cysteine, ndipo mulembe ziwerengero zonse ziwiri. Ma enzyme ena, monga prolyl hydroxylase, amagwira Fe2+ momasuka ndipo amafuna ascorbate (vitamini C) kuti ayironiyo asasinthe. Kwa amenewa EDTA ndi yoopsa, chifukwa imawalanda ayironi, kotero buffer iliyonse kapena chubu chotengera magazi cha chivundikiro cha papo chisayandikire.

Fe2+ yowonjezerayo ikonzedwe kuchokera ku ferrous ammonium sulphate, imene imasungika bwino kuposa ferrous sulphate, ndipo isungunulidwe m'madzi a asidi pang'ono patatsala mphindi zochepa kuti igwire ntchito. Pa pH 7 imasintha msanga ikakhudzana ndi mpweya, ndipo mu phosphate buffer imadikha pansi, choncho pa ma enzyme amenewa sankhani buffer ina monga HEPES kapena Tris, ndipo ayironi alowe pomalizira. Yabwino imakhala yoyera kapena yobiriwirako pang'ono. Ikayamba chikasu kapena kufiirira, yasanduka Fe3+ ndipo iyenera kutayidwa n'kukonza ina. Popeza Fe2+, ascorbate ndi mpweya zikakumana zimapanga peroxide zokha, ambiri amathiramo catalase pang'ono kuti iteteze enzyme imene ikuyezedwa, ndipo chubu chopanda enzymeyo koma chokhala ndi ayironi, ascorbate ndi catalase chiyenera kuyezedwa limodzi nthawi iliyonse.